Chithunzi cha Amayi Pakati pa Mafelemu

Okondedwa omvera, ndikulemba kuchokera ku Bembeke. Chaka chatha ansembe atabweretsa kompyuta pamishoni, anandiphunzitsa kukonza tsamba la pa intaneti. Ndinaligawa m'mafelemu atatu ngati zenera, pakati n'kuikapo chithunzi cha malemu amayi.

Achimwene anga saona. Anabwera kudzamvetsera pa makina owerenga mokweza, koma makinawo anangoti, "Felemu. Felemu. Felemu."

"Nanga amayi wawaika pati?" achimwenewo anandifunsa motsitsa mawu.

Manyazi anandigwira. Ndinachotsa mafelemu onse, n'kulemba mawu ofotokoza chithunzicho. Tsopano makina anawerenga kuti, "Amayi akukumba kachewere, nkhungu ikutsika m'phiri."

Achimwene anakweza nkhope, akumwetulira. "Kukuzizira kumeneko," anatero. "Bwereza, ndikhale nawo pang'ono."