Ndikulima Chikamwini cha Achimwene

Aulutsi, ndiwerengereniko iyi. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma achimwene anga, mphunzitsi wa pamishoni, ankafuna kukaphunzira malamulo ku Joni mpaka kufika pa udokotala, pamwamba penipeni.

Apongozi awo ku Madzimoyo anakana. "Mkamwini akachoka, munda wanga alima ndani? Mukapita, ukwati watha."

Tsikulo ndinali nditawaperekeza achimwenewo. Ine ndinapsa mtima, n'kukuwa: "Bambo, ngati vuto ndi munda, ndilima ndine! Asiyeni apite!"

Anapitadi. Tsopano ndikulima chikamwini cha mkazi amene si wanga, ndipo maphunzirowo akuti akadali kutali. Mlamu wanga akandibweretsera madzi kumunda amandiseka: "Alamu, mtima wapachalawu wakukwatitsani khasu."

Manja anga ndi matuza okhaokha, koma ukwati wawo ulipobe.