Lamba wa Karate wa Amayi

Pa siteji ya basi, bambo wina wachikulire anaona lamba woyera akulendewera pachikwama cha mayi amene anakhala naye pabenchi.

"Mayi, lamba wa karate wa mwana wanuyo agwa."

"Ndi wanga, bambo."

"Wanu? Mukufuna kumenya ndani?"

"Palibe. Ana ankanditopetsa, ndinkakalipa mpaka kusasa mawu. Wamng'ono akandiona ankabisala kuseri kwa chitseko. Tsopano ndimakakuwira ku karate, thukuta kamukamu, n'kubwerera mtima uli m'malo."

"Ndiye pano amakuopani zenizeni?"

"Kuopa? Kumeneko timawerama pakhomo tisanalowe. Dzulo ndinaiwala, ndinawerama pakhomo la kunyumba. Kamwana kaja nakonso kanawerama, kenako n'kuthamanga kudzandikumbatira miyendo."

Bambo aja anafunsanso:

"Kodi amalandira ndi a imvi omwe? Kwathu andisiyira adzukulu anayi."