Dzina la Ababa mulibe m'lipoti langa

Ndakupatsani moni m'dzina la Ambuye, abale ndi alongo. Ine ndinatsala pang'ono kulephera digiri yanga ya makompyuta chifukwa cha matama.

Chaka chomaliza ndinkakonza pulogalamu yoti asodzi akwathu ku Makanjira azidziwa amene wapita panyanja ndi boti liti, kuti mwera ukavuta asasowe womufunafuna. Kusukulu tili ndi chida chojambulira mapulani a pulogalamu iliyonse, kaya ya sitolo kaya ya ofesi. Ndinangochitenga momwe chilili, n'kujambula bwana, wantchito ndi galimoto, ati galimotoyo ndiye boti. Asodzi atayesa, anandibwezera foni akuseka. Aphunzitsi anati ndikalepheranso kachiwiri, basi, ndiiwale za digiri.

Ndinabwerera kumudzi pa lole, mtima uli zii. Ndinasala kudya masiku atatu, ndikudandaulira Mulungu kuti anditumizire katswiri. Ababa, amene ndi msodzi, sindinawauze kanthu, poti ndinkati munthu wosadziwa kuwerenga angandithandize chiyani.

Tsiku lachinayi anandipeza ndikulira pakhonde, ndipo ndinawafotokozera monyinyirika. Anatola zitsekerero za mabotolo n'kuziyala pansi.

"Iwe, mlovi, msodzi waganyu, alibe boti lakelake," anatero. "Lero akoka khoka kwa Che Amidu, mawa kwa wina. Ndipo sigina, woyang'ana kumene kuli usipa, amakhala m'bwato lake payekha. Wamuika pati?"

Ha, manyazi ake! Zimene zinandikanika chaka chonse, iwo anazimasula dzuwa lisanafike pamutu. Ndinachisintha chida chija. Ndinachotsa bwana ndi galimoto, n'kuikamo zizindikiro za mlovi, sigina, boti ndi bwato, komanso lamulo loti munthu azilembedwa mwatsopano pa ulendo uliwonse. Asodzi anaimva pulogalamuyo popanda wowaphunzitsa, ndipo ndinakhoza.

Mulungu alemekezeke, anandiyankha. Inu amene zakuthinani, musasiye kupemphera, koma musamusankhire Mulungu munthu womutuma.

Tsono chimene chikundidya mumtima ndi ichi. Pa tsamba lothokoza ndinalemba aphunzitsi ndi anzanga, koma Ababa ndinawasiya dala, kuopa kuti anthu angadziwe kuti nzeruzo zinachokera kwa msodzi. Nditabwera nalo lipoti kunyumba, analisisita, n'kufunsa mwachimwemwe kuti, "Nanga dzina langa lili pati?"

Ndinawalozera dzina langa pachikuto. Mpaka lero amaonetsa alendo, chala chili pomwepo. Mundipempherere, abale, kuti ndilimbe mtima ndikawauze zoona akadali moyo.