Gudumu Lakumanja

— Halo? Che Amini?

— Halo... aa, aphunzitsi a Reginald. Mwatandala uli?

— Makora. Chitumbuka chayamba kukhala pakamwa ndithu. Kaya inu kugalajako?

— Tilipo, kutentha kokhaku. Thu koloko ino malata akuchita kuthetheka. Nanga ku Kaporoko?

— Mitambo yadzaza, koma mvula sikugwa. Mayi Hawa, ana?

— Onse ali bwino. Mwana wanu Emma?

— Ali bwino. Ndili ndi kafunso, mayunitsi ndi ochepa. Ngolo yanga ija, yokokedwa ndi kathirakitala. Maberingi a m'magudumu amafuna girizi watsopano pakapita nthawi yaitali bwanji?

— Kamodzi pachaka. Koma inu akumadambo, ikangowoloka madzi, tsegulani. Madzi akalowa, girizi amasanduka phala. Munaika liti?

— Lakumanzere dzulo.

— Lakumanja?

— Papita zaka ziwiri.

— Ziwiri? Ndi madzi osefukira onse aja? Silikulira?

— Likulira. Poyamba linkalira poyenda pokha. Tsopano ndimalimva ngakhale ngolo itaima pansi pa mtengo wa mango. Ndikatuluka kukaona, zii.

— Chitsulo choima sichilira, aphunzitsi.

— Ndikudziwa. Ndaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu.

— Ndiye chavuta n'chiyani? Jeke mulibe?

— Jeke ilipo. Ntchitoyi sinali yanga, Che Amini. Zala zangazi ndi za nyamakazi. Ankaigwira ndi mayi a Emma. Girizi pachikhatho, n'kumakanikiza beringi mpaka atatulukira mbali inayo. Ine ndinkangowagwirira beseni.

— Malemu mayi Violet. Ndinawaonetsa ndine, kamodzi kokha. Ankaposa amakaniko ambiri a pa boma pano.

— Lakumanzere ndinatsuka osaganiza kanthu. Nditachotsa chivindikiro cha lakumanja, m'kati mwake muli chidindo cha chala chawo. Chachikulu. Mizere yonse ikuoneka pagirizipo. Ndinangovindikiranso. Halo? Ndi netiweki?

— Ayi, ndilipo.

— Zovala tinagawa. Mabuku a nyimbo, makapu, abale anatenga. Ichi chokha palibe ankachidziwa.

— Ngoloyo iyenda liti?

— Mawa m'mawa. Matumba a mpunga, kubwera ku boma. Emma akhala pamwamba pa matumbawo.

— Ndiye ndikuuzeni mosabisa. Beringi youma imatentha, kenako imagwira. Gudumu limatha kuchoka ngolo ikuyenda.

— Sindingangowonjezera watsopano pamwamba pa wakaleyo?

— Ayi. Muli mchenga m'menemo. Mayiwo akanakuyankhani chimodzimodzi, kungoti mokalipa.

— Akanatero ndithu.

— Koma mverani. Chivindikiro si beringi. Chichotseni bwinobwino, muchiike m'kachitini, musachikhudze m'kati. Pano ndili ndi china cha saizi yomweyo. Ndipatsira minibasi ya folo koloko, mukachilandire pasiteji.

— Ndiye lisiya kulira?

— La pamsewu lisiya. La pansi pa mtengo wa mango lija sindikudziwa. Limenelo si la kugalaja.

— Chabwino. Potsuka, palafini kapena petulo?

— Palafini. Muumitse kaye. Girizi pachikhatho, monga munkaoneramo. Nati musamange kwambiri, gudumu lizizungulira momasuka.

— Zalazi zichedwa.

— Zichedwe. Itanani Emma akugwirireni beseni.

— Emma... Inde. Taimani, kwayamba kudontha. Ndikankhire ngolo pakhonde girizi asananyowe.

— Pitani. Inenso lole ya eni ake ili pajeke.

— Yewo, Che Amini. Mupereke moni kwa...

— Halo? Aphunzitsi? Folo koloko, pasiteji.