A Sikelo ndi Laimu wa mu Mowa

Malemu bambo athu aang'ono, amene tonse tinkawatchula kuti a Sikelo, anabadwa m'chaka cha 1953, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anali achisanu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu anafika nayo kusekondale, ndipo mu 1979 anamanga banja ndi mayi amene akhala pafupi ndi bokosi apawa.

Anagwira ntchito zaka makumi atatu pamalo oyeretsera madzi a mumzinda, kuyeza laimu wothira m'madzi kuti asamadye mapaipi. Dzina la Sikelo analitengera komweko, poti ngakhale shuga wa mu tiyi sankathira mongoyerekeza. Kumpingo ndiwo ankasunga makiyi.

Atapuma pantchito anayamba kufulula mowa m'chipinda chosungiramo katundu, ndowa imodzi pamwezi, wongomwa ndi anzawo. Chimera chokazinga chimawawasitsa phala, choncho m'madzi ofululira ankathiramo laimu woyengeka, wosadzaza ndi nsonga ya supuni yomwe, atamuyeza kawiri.

Mu 2019 mnzawo wa ponda apa nane mpondepo, telala wa mumsewu wathu, anamwa nawo Loweruka, Lachiwiri n'kumwalira. Wina anali ataona chitini cha laimu pashelefu. Mawu anayenda khomo ndi khomo akuti a Sikelo amathira laimu wopakira khoma mu mowa. Achipatala analemba kuti atelala anapita ndi matenda a mtima amene ankawavutitsa kale, koma kalata ilibe miyendo ngati mphekesera. Kumpingo anawalanda makiyi. Pamaliro a mnzawoyo anauzidwa kuti asayandikire, ndipo anaima kunja kwa mpanda, chipewa chili m'manja.

Pobwerako anakhuthulira mowa wonse m'ngalande. Mayi atawafunsa, anangoti, "Akazi anga, madzi ndimatha kuwakonza, koma pakamwa pa anthu ndilibe mankhwala ake."

Zaka zisanu anakhala pakhonde, anthu akudutsa osapereka moni. Palibe anabwera kudzapepesa. Mwezi wathawu anagwa m'bafa, mbali imodzi n'kufa ziwalo, lilime n'kulemera, ndipo anatsikira kulichete Lachitatu m'mawa. Lero mwabwera ambiri. Eni ake akanadabwa.

Asiya mayi, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi mlongo wawo mmodzi.

Apumule mu mtendere, kumene kulibe wowanena.