Apongozi Anga Anatsekula Ngalande

Omvera anzanga, ndine mkamwini kuno ku Domasi. Alimi a mpunga anandisankha kukhala wapampando wogawa madzi, ndipo kumaphunziro a utsogoleri anati wolakwa tizimuuza maso ndi maso.

Lachiwiri ndinapeza apongozi anga aakazi atatsekula ngalande tsiku lawo lisanakwane. Ndikanawauza bwanji, poti tikakumana panjira ndimawapatukira? Ndinangonjuta chapatali, maso pansi, madzi akuthamangira m'munda mwawo.

Mayi wamasiye amene linali tsiku lake anandifunsa kuti, "A tcheya, mpunga wanga uume chifukwa inu munakwatira?"

Mkazi wanga akuti zisamukhudze. Nyumba yanganso ili pamalo pa apongoziwo. Mawa kuli msonkhano wa alimi. Ndikaimirire ngati ndani, wapampando kapena mkamwini?