Lisiki ya Nabanda

Kale ndisanamere imvi, mawu akuti lisiki, amene mumawatchula inu mukamabetcha mpira pafonipo, kuno ku Kapondo sitinkawadziwa. Ine ndinawamva koyamba kwa mlangizi wa zaulimi, ndipo ankanena agogo anu aakazi, malemu Nabanda.

Mverani bwino, manja asaime kusenda mtedzawo. Chaka chimenecho tinali ndi mbewu ya mtedza wa chalimbana dengu limodzi lokha, imene mayi ake a Nabanda anamupatsa asanamwalire kutsidya ku Zambia. Itangogwa mvula ya chizimalupsa, ija imangozimitsa moto wa m'tchire n'kupita, mkazi wanga uja anandilanda khasu kuti akabzale, pamene mudzi wonse unkadikira mvula yeniyeni.

Mlangizi anaimika njinga m'mbali mwa munda, nati, "Amayi, imeneyo ndi lisiki."

"Ndiye chiyani, achimwene?"

"Ndi Chingerezi. Ndiye kuti mukuika chinthu chanu pamalo poti chikhoza kutayika, inu mukudziwa, poyembekeza kupeza chokulirapo."

"Basi ndi zomwezo," anatero Nabanda, n'kupitiriza kukwirira. "Mayi ankati mtedza wochedwa subereka."

Ine ndinakwiya, ndipo mlangiziyo sananame, chifukwa dzuwa linaswa mtengo masiku ambirimbiri. M'mawa uliwonse agogo anu ankapita kukafukula phando ndi chala kuti aone ngati mbewu ya mayi awo ikadali moyo. Mizere yakumtunda inapserera yonse. Koma mvula itabwera, yakumunsi inamera, ndipo anagwada pamatopepo n'kulira, kenako n'kuyamba kundiseka kuti ndine wamantha ngati nkhuku.

Lero inu mumati lisiki uku mukuseka, mukaluza mumangodina kwina. Sindikukudzudzulani, nthawi ndi yanu. Koma musanatchule mawuwo, adzukulu anga, muzidzifunsa ngati chimene mwaikapocho mungachidzukire m'mawa uliwonse kukachiona, mtima uli m'mwamba.

Mbewu ija ndimaisungabe, koma ine ndimadikira mvula yeniyeni, mantha sanandichoke. Chizimalupsa chikagwa ndimakaima kumunda kuja, ndipo ndimamusowa kwambiri mkazi wanga. Palibenso wondilanda khasu.